Rosh wa pa Ezekieli 38: ndi Russia kapena ndi mutu chabe?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Abusa a Mbewe ndi ena odziwa, tandithandizani. Dzulo ndikuchokera ku Limbe m'minibasi munakwera mlaliki wina, mpaka ku Lunzu akungolalika Ezekieli 38. Akuti Gogi mfumu ya Rosi ndiye Russia, Meseki ndi Moscow, Tubala ndi Tobolsk, ndiye nkhondo ya ku Ukraine ija inalembedwa kalekale. Gogo wina pambali panga mpaka anamasula pansonga ya chitenje n'kupereka K2,000 chifukwa cha mantha. Ine kufika kunyumba, kutsegula Baibulo lachingerezi la abambo akunyumba, dzina la Rosi mulibe, angoti kalonga wamkulu wa Meseki ndi Tubala. Ndiye tinene kuti wina anafufutamo?

A Zimba: Anafufutadi mayi. Rosi, Russia, simukumva kufanana kwakeko? Ngakhale mwana wa sitandade 2 atha kuona.

Abusa a Mbewe: Mwaswera bwanji mayi Nachisale. Palibe anafufuta kanthu. M'Chihebri pali mawu atatu otsatizana, nesi rosh Meshekh. Nesi ndi kalonga. Rosh ndi liwu wamba la mutu, mutu uwu tikusenzera madziwu. Omasulira anagawanika kuyambira kale. Amene anamasulira m'Chigiriki, Baibulo lija timati Septuagint, analisiya ngati dzina, Ros. Jerome pomasulira m'Chilatini cha m'ma 400 analemba kuti principem capitis, kunena kuti analimva ngati mutu. King James ya 1611 inatsata maganizo a mutu, Revised Version ya 1885 inabwerera ku dzina. N'chifukwa chake ma Baibulo athu sagwirizana pamenepa.

A Zimba: Ndiye mwavomera nokha abusa kuti likhoza kukhala dzina.

Abusa a Mbewe: Likhoza, a Zimba. Pa Genesis 46:21 mmodzi mwa ana a Benjamini dzina lake ndi Rosh. Koma kukhala dzina ndi kwina, kukhala Russia ndi kwinanso. Ezekieli anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo mu 597 BC. Anthu otchedwa Rus akuyamba kumveka m'zolembedwa cha m'ma 839 AD. Pakati pakepo padutsa zaka zoposa 1,400. Moscow akutchulidwa koyamba mu 1147, Tobolsk anamangidwa mu 1587. Pomwe Meseki ndi Tubala Asuri ankawadziwa bwino, ankawatcha Mushki ndi Tabal, anthu a kudera lomwe lero ndi Turkey. Za Russia zi zinafala kwambiri ndi timawu ta m'munsi ta Scofield Reference Bible ya 1909, alaliki n'kumangopatsirana mpaka zafika m'minibasi ya ku Lunzu.

Ustazi Twaibu: Assalam alaikum. Ine za Gogi ndisalowerere, koma liwu lakelo landikoka khutu. Kwathu m'Chiarabu mutu ndi ra's. Pakati pa a ndi s pali kachilembo timati hamza, umadula mpweya pakhosi pang'ono, monga mmene timachitira tikamakana kuti "a-a". Abusa, rosh wanuyo ndi ra's wathuyu si pachibale?

Abusa a Mbewe: Ndi pachibale ndithu a Ustazi. Chodabwitsa n'choti ifenso polemba rosh pali zilembo zitatu, resh, alefu, shin. Alefu wapakatiyo satchulidwa, amangokhalapo phee. Ku koleji ya ubusa aphunzitsi ankangoti lowezani choncho, mukaiwala alefu ndikuchongerani cholakwa.

Chikondi: Pepani akuluakulu ndilowe nawo, nkhani iyi ndi ya kosi yomwe ndikuchita kuno ku Joni ndiye manja akuyabwa kkkk. Alefu wa abusayo ndiye hamza wa a Ustazi. Ndi mboni yomwe inatsala pamalo pa ngozi. Akatswiri amati Chihebri, Chiarabu, Chiaramu, Chiakadi cha ku Babulo ndi Asuri, Chiugariti cha ku Syria, Chifoinike cha ku Lebanon, Chige'ez ndi Chiamhariki cha ku Ethiopia zonse zinachokera ku chilankhulo chimodzi chomwe sichinalembedwe pena paliponse. Amachitcha Proto-Semitic, dzina la Semitic analiyambitsa Mjeremani wina, August Ludwig von Schlözer, mu 1781, kutengera Semu mwana wa Nowa. Liwu la mutu m'chilankhulo chimenecho amalilemba chonchi: *ra'sh-. Kanyenyezi kakutsogoloko kakutanthauza kuti palibe analipeza pamwala kapena pachikopa, angolibwezeretsa poyerekeza ana ake.

Ana ake ndi awa. Chiarabu ra's. Chihebri rosh. Chiaramu resh kapena resha. Chiakadi reshu. Chige'ez re's, e wake wamfupi kwambiri. Chiamhariki ras. Chiugariti chimalemba r, alefu, sh.

A Zimba: Ndiye mukundiuza kuti liwu loti palibe analimvapo, palibe analilembapo, inu mukulidziwa? Koma ine ndikati Rosi ndi Russia mukuti ndikulota. Wolota ndani apa mwana iwe?

Chikondi: Funso labwino bambo Zimba, musaope kundikalipira kkk. Tiyambe ndi zakwathu. Ife timati mutu. A Ustazi kwawo ku Mangochi amati mtwe. Abemba amati umutwe, Aganda omutwe, Aswahili kichwa. Palibe anajambula mawu a makolo athu asanabalalike, koma mukaika mawu amenewa pamzere mukuona nokha kuti tsinde lakale linali ngati -twe, ndipo ife Achewa ndi amene tinameza kamvekedwe kakumapeto. Simukulota, mukuwerenga mapazi pamchenga.

Chomwe chimasiyanitsa ntchitoyi ndi kungomva kufanana ndi ichi: kusinthako kuyenera kubwerezeka m'mawu ambiri, osati amodzi. Taonani sh wa Chihebri ndi s wa Chiarabu. Shalom, salaam. Lashon, lisaan, ndiye lilime. Shen, sinn, ndiye dzino. Shamayim, samaa', kumwamba. Rosh, ra's. Paliponse pomwe Mhebri akuti sh pamawu amenewa, Mwarabu akuti s. Ndiye taonaninso o ndi a wautali. Shalom, salaam. Lashon, lisaan. Mhebri akuti o pomwe Mwarabu wasunga aa. Russia alibe mzere wotere womuikira umboni, ali yekhayekha ngati chitsa.

Ustazi Twaibu: Apo ndagwirizana nazo. Koma Chikondi, mu ra's a wake ndi wamfupi, si wautali ngati wa salaam. Nanga o wa rosh wachokera kuti?

Chikondi: Eya, apa ndiye pokoma a Ustazi. Zinachitika kawiri, motsatizana. Poyamba anthu a ku Kanani anasiya kudula mpweya pakhosi paja, ndiye a anatalika kuti atseke mpata: ra'sh kukhala raash. Kenako kunabwera kusintha kwakukulu komwe a aliyense wautali anasanduka o, ndiye raash anakokoloka nawo limodzi ndi shalaam, kukhala rosh ndi shalom. Kukanakhala kuti hamza anachedwa kugwa, bwenzi lero Ayuda akuti rash.

Ndipo tikudziwa kuti zinachitika kale kwambiri. Mu 1887 ku Amarna ku Egypt kunapezeka makalata a padothi omwe mafumu ang'onoang'ono a ku Kanani ankalembera Farao m'zaka za m'ma 1300 BC. Ankalemba m'Chiakadi, chomwe chinali ngati Chingerezi cha nthawi imeneyo, koma mlembi akakayika ankaphatikizapo liwu lakwawo pambali. M'kalata ina mlembi atalemba "mutu wathu" anawonjezera ru-shu-nu. Kalembedwe kawo kanalibe chizindikiro cha o, ankagwiritsa u. Ndiye roshunu anali kale pakamwa pa anthu Davide asanabadwe.

Abusa a Mbewe: Mwandimasula chinthu chomwe chinandisautsa pa mayeso. Mutu umodzi ndi rosh, koma mitu yambiri ndi rashim, osati roshim. Ndinalemba roshim, ndinalakwa, ndipo sindinauzidwe chifukwa chake.

Chikondi: Abusa, mlandu umenewo muutenge apilo kkkk, ngakhale muluzabe. Mawu a mtundu uwu, a phatikizo limodzi, pochulukitsa ankalowetsa a pakati. N'chimodzimodzi melekh, mfumu, yemwe kale anali malk-, koma mafumu ndi melakhim. Ndiye mitu inali ra'ash-, hamza ali pakati pa ma a awiri, potetezeka. Nthawi yomwe aa ankasanduka o, liwu limeneli linalibe aa, linali ndi a'a. Hamza wake anadzagwa mochedwa, chigumula chija chitadutsa kale. N'chifukwa chake rosh koma rashim.

Umboni wake uli ku Ugarit, mzinda wakale wa m'mbali mwa nyanja ku Syria. Mlimi wina anagunda manda ndi pulawo yake mu 1928, Claude Schaeffer anayamba kukumba mu 1929, pofika 1930 zilembo zake zinali zitawerengeka. Anthu amenewa anali ndi ma alefu atatu, wa 'a, wa 'i ndi wa 'u, ndipo wa 'i ankamugwiritsanso ntchito alefu akakhala kuti alibe liwu pambuyo pake. Mutu umodzi amalemba ndi alefu wa 'i, kusonyeza ra'shu. Mitu yambiri amalemba ndi alefu wa 'a, kusonyeza ra'ashuma. Ndendende zomwe Chihebri chikutilozera. Chondiseketsa ine n'choti chulu chomwe anakumbapo zonsezi dzina lake ndi Ras Shamra. Ras yemweyo.

Tadala: Kkkkk ine ndangoti ndiwerenge mwakachetechete koma apa ayi. Ine ndikugwira ntchito ku Ras al-Khaimah kuno ku UAE, chaka chachitatu tsopano. Ndinkangoyesa Ras ndi dzina la munthu. Ndiye ndimakhala pamutu?

Ustazi Twaibu: Mumakhala pa "mutu wa hema" mwanangu, khaima ndi hema. Mtunda ukalowa m'nyanja ngati mphuno Aarabu amati ra's. Aswahili anatengera pomwepo, amati rasi.

Tadala: Koma kuno sindinamvepo wina akudula mpweya ngati mmene mwaneneramo. Amangoti raas. Mayi wina amene ndimagwira naye ntchito, wa ku Syria, ukamupempha kanthu amagwira pamutu n'kunena kuti ala raasi, ndiye kuti ndichita ndi mtima wonse. Tsiku loyamba ndinkayesa akudandaula mutu, ndinamupatsa panado.

Nachisale: Kkkkkk Tadala iwe!

Chikondi: Achemwali a Tadala mwabweretsa umboni wamoyo. Zomwe Akanani anachita zaka zoposa 3,000 zapitazo, kugwetsa hamza n'kutalikitsa a, Aarabu a mumsewu anadzachitanso paokha pambuyo pake. Kungoti iwo anaima pa raas, sanapitirire ku o. Afoinike ndiye anapyola, o anafika pa u. Mizinda yawo ya m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Africa Aroma ankailemba kuti Rusaddir, lero ndi Melilla, ndi Rusicade, lero ndi Skikda ku Algeria. Bambo Zimba, Rus wina ndi ameneyo, mwina Russia ali ku Algeria kkk.

A Zimba: Usandiseke iwe, ndine msinkhu wa bambo ako.

Chikondi: Pepani bambo, ndalapa.

Ras Mavuto: Mtendere kwa nonse. Ine ndimadikira kuti mufike kwathu. Ras Tafari Makonnen, amene anavekedwa ufumu pa 2 November 1930 n'kukhala Haile Selassie. Ras ameneyo ndi mutu, udindo wa akalonga akuluakulu a ku Ethiopia. Ife timadziwa kale zimenezi. Anthu amayenda mu Haile Selassie Road mu Blantyre, amakajambulitsa pa Emperor's View ku Zomba, koma akationa ife amati a chamba. Lero mwaona nokha kuti dzina lathu lili m'Baibulo.

Abusa a Mbewe: Liwulo lilimo a Ras, kambirimbiri. Koma musathamange, mungagwe m'dzenje lomwe agwa a Zimba, mungatipezere Rasta mu Ezekieli 38.

Ras Mavuto: Kkkk ayi abusa, Gogi si wathu ameneyo.

Chikondi: A Ras akunena zoona pa Chiamhariki. Ndipo kumeneko ras anapita patali, amatanthauzanso mwini. Munthu akafuna kunena kuti ine mwini amati rase, "mutu wanga". Phiri lalitali kwambiri ku Ethiopia ndi Ras Dashen.

Ustazi Twaibu: Chikondi, pali chomwe sunafotokoze. Walemba *ra'sh- ndi kamzere kumapeto. Ine ndikuganiza kuti kamzereko kakuimira zomwe ife timaphunzitsa ana ku madrasa, zomwe timati i'rab. M'Chiarabu cha Qur'an dzina silikhala lamaliseche, limavala kumapeto malinga ndi ntchito yake m'chiganizo. Mutu ukakhala mwininkhani ndi ra'su. Ukakhala pamtherankhani ndi ra'sa. Ukatsatira mperekezi kapena ukakhala wa umwini ndi ra'si. Likakhala losatsimikizika timawonjezera n: ra'sun, ra'san, ra'sin. Pa Surat Maryam ndime 4, Zakariya podandaula za ukalamba akuti washta'ala r-ra'su shayba, mutu wayaka ndi imvi. Ndi ra'su chifukwa mutuwo ndiwo ukuyaka. Mitu iwiri ili ndi mawu akeake, ra'saani kapena ra'sayni. Ikapitirira iwiri liwu limathyoka m'kati, ru'uus.

Chikondi: Ndendende a Ustazi, mwandilanda choko. Ndipo umu ndi momwe timadziwira kuti u, a, i amenewa sanayambe ndi Aarabu. Ku Babulo nthawi ya mfumu Hammurabi, cha m'ma 1750 BC, ankati reshum, resham, reshim. Mavalidwe omwewo, ntchito zomwezo, kungoti iwo amatsekera ndi m pomwe Aarabu amatsekera ndi n. Pakati pa Hammurabi ndi Qur'an pali zaka zoposa 2,000 ndi chipululu chonse chija, sakanakopera. Chiugariti nachonso chinali nawo atatu onsewo. Ndiye kholo lija linkati *ra'shu, *ra'sha, *ra'shi. Chihebri ndi Chiaramu zinavula zonsezi, kutsala rosh ndi resh. Chige'ez chinasunga a yekha wa pamtherankhani.

Kwa ife Achewa zimavuta kumva poyamba chifukwa dzina lathu limasinthira kutsogolo, mutu, mitu, kamutu, chimutu, pamutu, ndipo amene akuchita ndi amene akuchitiridwa timawadziwira pa mneni ndi pa malo awo m'chiganizo. Iwo katundu yense anali kumchira.

Nachisale: Koma abale, ka u ndi ka i kakumapeto kangasinthe chiyani pa moyo wa munthu? Si zongovutitsa ana a sukulu izi?

Ustazi Twaibu: Mayi, kamasintha mmene munthu amasambira asanapemphere. Ndikupatseni chitsanzo chomwe chili ndi liwu lathu lomweli. Surat al-Ma'ida ndime 6 ikulongosola wudhu, kusamba kumeneku. Ikuti sambitsani nkhope zanu ndi manja anu mpaka m'zigongono, kenako wamsahuu bi-ru'uusikum, pakani madzi pamitu panu. Mwaona ru'uusi, ali ndi i chifukwa cha mperekezi bi. Liwu lotsatira ndi mapazi. Kawerengedwe ka Qur'an ka Hafs, komwe ambirife timatsata, kamati wa arjulakum, ndi a. Ndiye kuti mapazi akubwerera kukagwirizana ndi nkhope ndi manja, asambitsidwe. Kawerengedwe ka Ibn Kathir kamati wa arjulikum, ndi i, ndipo pamenepo mapazi akuoneka ngati akutsata mitu, angopakidwa. Ma Sunni timasambitsa mapazi, ma Shia amapaka, ndipo ma ulama, akatswiri a Chisilamu, akhala akukambirana za kachilembo kameneka zaka mazanamazana. Ndikamaphunzitsa anyamata pa mpopi wa pamzikiti ndimawauza kuti a ameneyo ndi amene akukunyowetsani mpaka mu akakolo m'mwezi wa June.

Nachisale: Ayi ndagonja a Ustazi.

Abusa a Mbewe: Tibwerere kwa Ezekieli, chifukwa pali kanthu ka mtundu womwewo. Chihebri chitataya mavalidwe akumapeto chinatsala ndi njira iyi yolumikizira mayina, kuwagundanitsa, loyambalo n'kufupika. Kalonga payekha ndi nasi, koma akalumikizidwa ndi liwu lotsatira amakhala nesi. Pa Ezekieli 38:2 pali nesi, ndiye walumikizidwa ndi rosh. Funso n'lakuti kalonga wa chiyani, wa dziko lotchedwa Rosh kapena wa udindo wa mutu? Pa 2 Mafumu 25:18 pali kohen ha-rosh, ndipo palibe amamasulira kuti wansembe wa ku Russia, aliyense amati wansembe wamkulu. Ezekieli yemweyo pa 40:1 akuti be-rosh ha-shanah, kumayambiriro kwa chaka, mawu omwe Ayuda amatchulira chaka chawo chatsopano, Rosh Hashanah. Komanso Meseki ndi Tubala amayenda awiri pa Genesis 10:2 ndi pa Ezekieli 27:13, popanda wachitatu wotchedwa Rosh. Ine ndimaima ndi Jerome.

Ndipo mayi Nachisale, liwu loyamba la Baibulo lonse ndi la banja lomweli. Bereshit, "Pachiyambi". Be ndi pa, reshit ndi chiyambi, kuchokera ku mutu. Rishon ndi woyamba.

Ustazi Twaibu: Ifenso chaka chatsopano ndi ra's as-sana. Mtsogoleri ndi ra'iis, ndiye rais amene mumamva pa wailesi za ku Tanzania. Mpamba wa bizinesi ndi ra's al-maal, mutu wa chuma, Aswahili anaupinda kukhala rasilimali.

A Zimba: Chabwino. Koma inu nomwe mwati kufanana kwa mawu ndi umboni. Ife timati mutu wa banja, mutu wa nkhani, mutu 38. Aheberi akuti mutu wa chaka. Ndiye kuti Achewafe ndi Aisraeli otayika, eti? Ndinamvapo zimenezo.

Chikondi: Bambo Zimba, mutu kuimira chiyambi kapena mtsogoleri zili paliponse chifukwa aliyense mutu wake uli pamwamba ndipo pobadwa ndi umene umatsogola. Achilatini ankati caput, m'menemo ndi momwe munachokera kaputeni wa timu ya mpira. Zimenezo si ubale wa zilankhulo, ndi ubale wa thupi. Ndikuwonjezereni nyambo ina kuti muone kuopsa kwake. M'Chiakadi muli liwu loti mutu, kalembedwe komweko, ndipo limatanthauza mwamuna wa munthu, bambo wapakhomo. Wina atha kuimika minibasi n'kulalika kuti onani, Ababulo ankadziwa kuti mwamuna ndiye mutu wa banja, Chichewa chinachokera ku Babulo. Koma mutu wa Chiakadi tsinde lake ndi mut-, u ndi chovala chakumapeto chija, abale ake ndi met wa Chige'ez ndi metim wa Chihebri, amuna. Wathu tsinde ndi -tu, mu- ndiye chovala, n'chifukwa chake timati mi-tu. Agundana pamsewu basi, sadziwana.

Nachisale: Abambo akunyumba asaone uthenga umenewu chonde, adzayamba kudzitcha Mbabulo.

Tadala: Kkkkkkk

Abusa a Mbewe: Chikondi, funso lomaliza kwa ine. Ngati kholo ndi ra'sh ndi a, nanga e wa Chiaramu ndi Chiakadi uja? Pa Danieli 2:32 mutu wagolide wa fano lija ndi resh, chifukwa chigawo chimenecho chinalembedwa m'Chiaramu.

Chikondi: Apa ndi pomwe akatswiri amakanganirana mpaka lero abusa. Chiarabu, Chihebri ndi Chifoinike zikuloza kwa a mosakayikitsa. Chiakadi chakale kwambiri chinali ndi raashum, e anabwera pambuyo, ngakhale kawirikawiri alefu sasandutsa a kukhala e m'chilankhulo chimenecho, amatero ndi zilembo zina zapakhosi. Chiaramu ndi Chige'ez zimaoneka ngati zinachokera ku ri'sh. Ndiye ena amati panali mitundu iwiri kuyambira kale, ra'sh ndi ri'sh. Alexander Militarev ndi Leonid Kogan, m'buku lawo la mu 2000 la mawu a ziwalo za thupi m'zilankhulo zimenezi, anaika i wokayikitsa pakati, ngati ra'ish, kuti a ndi e onse apeze pochokera. Ngakhale sh weniweniyo ambiri masiku ano amati poyamba ankamveka ngati s wamba, ndiye kuti Mwarabu ndi amene anasunga, Mhebri ndi amene anasintha. Koma r, alefu ndi chilembo chachitatucho palibe amatsutsa.

Kanthu kena ka Chiakadi kokomera abusa. Kumeneko nduna ya m'nyumba ya mfumu inkatchedwa sha reshi, "wa kumutu", woima kumutu kwa mfumu. Ahebri anabwereka mawuwo n'kukhala saris, udindo wa Potifara pa Genesis 39:1, ndipo Rabisarisi wa pa 2 Mafumu 18:17 si dzina la munthu, ndi mkulu wa nduna zoterozo. Ndiye liwu limodzi linalowa m'Chihebri kawiri, koyamba ngati cholowa cha makolo, kachiwiri ngati katundu wobwereka, mpaka eni ake osalizindikira.

Ras Mavuto: Nanga chilembo R? Mkulu wina anandiuza kuti ndi mutu wa munthu.

Chikondi: Sananame. Ku Serabit el-Khadim ku Sinai, komwe Aigupto ankakumba miyala yamtengo wapatali, Flinders Petrie anapeza zolemba mu 1905, ndipo Alan Gardiner mu 1916 anazindikira kuti chithunzi chilichonse chikuimira kamvekedwe koyamba ka dzina lake. Kamutu ka munthu koyang'ana kumbali kankaimira r chifukwa mutu ndi ra'sh. Afoinike anakafewetsa kukhala kabwalo kokhala pa ndodo, Agiriki anakatembenuza n'kukatcha rho, chooneka ngati P, Aroma anawonjezera kamwendo. Mukayang'ana R bwinobwino, kamimba kapamwambako ndi mutu, mzerewo ndi khosi. Dzina loti rho likukumbutsa rosh wa Afoinike, loti resh ndi la Chiaramu.

Nachisale: Ndiye chilembo chake n'chomwe chimatizunza Achewafe chija. Ife aphunzitsi ankatikwapula kuti r amabwera pambuyo pa i ndi e basi, kwina konse l. Mlaliki uja naye ankati Losi, Lasha, mwina n'chifukwa chake zimagwirizana bwino m'kamwa mwake.

A Zimba: Ine za Tobolsk ndazisiya, 1587 yandikhumudwitsa. Koma pa 38:15 akuti adzachokera kumpoto kwenikweni. Tayang'anani mapu, kumpoto kwa Israel kuli ndani?

Abusa a Mbewe: Kuli Lebanon, Syria ndi Turkey a Zimba, musanafike komwe mukufunako. Yeremiya nayenso ankati Ababulo adzachokera kumpoto pomwe Babulo ali kummawa, chifukwa ankhondo sankadutsa m'chipululu, ankazungulira n'kutsikira ku Syria. Koma imeneyo ndi nkhani ina, tiyambe mawa, ndili ndi maliro ku Chirimba 2 koloko.

Tadala: Inenso basi ya kuntchito yafika. Ndikamufunsa mayi wa ku Syria uja ngati akudziwa ku Ras Shamra.

Ustazi Twaibu: Mukamufunse za Latakia, ndi pafupi pomwepo. Abusa muyende bwino, mutipepesere anamfedwa.

Nachisale: Loweruka ndikweranso ya ku Lunzu yomweyo. A Chikondi tanditumizireni kumbali zaka zija, 597 ndi 839, ndizilembe kuseri kwa risiti.